Woyimba Akasochera, wa Besi Atani?

Unali ukwati wa ku Kande, mwezi wa Ogasiti 2018. Mwera unkawomba moti nsalu za pamatebulo anachita kuzitsindira ndi miyala. Kumbuyo tinalipo atatu: wa kiyibodi, kamnyamata ka ng'oma, ndi ine pa besi. Perekaniperekani atafika pakati, mkulu wa mwambo analengeza kuti agogo ake a mkwatibwi apempha kuti amuyimbire mdzukulu wawo nyimbo imodzi. Inali nyimbo ya kutchalitchi, yodziwika kwa aliyense, ya makodi atatu basi. Kiyi yawo tinaipeza mosavuta. Ndime yoyamba inayenda bwino. Mawu awo ankanjenjemera pang'ono koma anali okoma, mawu a munthu amene wayimba pamaliro ambiri.

Zinachitikira pa ndime yachiwiri. Nyimboyo ili ndi malo pamene woyimba amayenera kudikira, kuwerenga kanayi mumtima, kenako n'kulowa. Agogo aja anawerenga kawiri n'kulowa.

Ndinamva. Palibe chonamizira apa, ndinamva nthawi yomweyo. Ndinali ndi kanthawi kongati kuphethira kwa diso kuti ndisankhe, kudumpha nawo kapena kukhala pamene nyimbo imayenera kukhala. Ndinakhala. Wa ng'oma anandiyang'ana, nayenso n'kukhala. Wa kiyibodi anatsata ife. Tonse atatu tinali pamalo olondola, agogo ali okhaokha kutsogolo, iwo afika kale pa fa ife tikadali pa do. Anayesa kutipeza. Anachedwetsa, anafulumiza, kenako anangoleka. Anaseka, kupukusa mutu, kupereka maikolofoni kwa mkulu wa mwambo, n'kubwerera pampando wawo. Anthu anawomba m'manja, amayi ena analuluta, nyimbo ina inayamba, ndalama zinapitiriza kugwa m'lichero. Palibe anafa.

Madzulo tikumasula mawaya, mkulu amene anandiphunzitsa besi anandikodola. Sanali bambo anga, koma kunyanja kuno mwamuna wamkulu aliyense ndi Ada, ndiye inenso ndizingowatchula choncho. Kwawo kunali ku Usisya. Anakhalitsa ku Zimbabwe akuyimba m'mabala, n'kubwerako ndi besi imodzi yopindika khosi ndi zala za nyamakazi. Tsiku limenelo sanayimbe, anangokhala pafupi ndi sipika monga ankachitira nthawi zonse.

"Iwe, lero wayimbira ndani?"

"Ada, iwowo ndi amene analowa msanga."

"Ndamva. Sindine gonthi. Ndafunsa kuti wayimbira ndani."

Ndinakhala chete. Iwo anapinda waya umodzi bwinobwino, kundipatsa, n'kunena kuti, "Amayi aja wawasiya pakati pa nyanja."

Funso limenelo lakhala likunditsata mpaka lero, ndipo linatuluka kalekale m'nkhani za nyimbo. Munthu amene ukumuperekeza akalakwitsa, ukuona, anthu akuyang'ana, umutsate m'kulakwitsa kwakeko kuti asachite manyazi, kapena uyime pa cholondola iye aonekere? Ndili ndi zaka 22 ndinkaona ngati yankho lake n'losavuta. Cholondola n'cholondola.

Kuti mumvetse chifukwa chake Ada anadzudzula ine osati wa ng'oma kapena wa kiyibodi, ndiyambe ndakuuzani za chida chimenechi, chifukwa ambiri a inu simunachimvepo bwinobwino. Sindikunyoza. Ngati nyimbo mumamvera pa sipika ya foni, besi mulibemo. Gitala ya besi ili ndi nsambo zinayi, E, A, D ndi G, ndipo yaikulu ija ya E ukaikhudza imanjenjemera maulendo 41 pa sekondi imodzi. Kasipika ka foni sikangakankhe mpweya mwa mtundu umenewo. Chimene mumamva ndi kamthunzi chabe. Koma patali zimatembenuka. Chikondwerero cha Lake of Stars, chimene chinayambira pa Chintheche Inn mu 2004, chitabwereranso pamalo omwewo mu 2016, ife opanda ya tikiti tinakhala pamchenga chapatali ndithu. Mawu a oyimba sankatifika, magitala ang'onoang'ono ayi, koma besi inkabwera pamwamba pa madzi n'kumatigunda pachifuwa. Mawu apansi amayenda mtunda wautali. Pafoni besi imasowa, koma usiku umenewo ndi yokhayo imene inatipeza.

Ntchito yake ndi iyi. Wa kiyibodi agwire C, E ndi G, asasunthe chala n'chimodzi chomwe. Ine ndikagunda C pansi, aliyense m'chipindamo amamva kuti tafika pakhomo. Ndikatsikira pa A, zala za mnzangayo zili pomwepo, kodi ija yasanduka ya chisoni, amayi ayamba kupukusa mitu. Ndikapita pa F imakhala ngati yalenjekeka m'mwamba, ikudikira kanthu. Ndikagunda E imamveka ngati munthu amene wanyamuka koma sanafike. Manotsi atatu omwewo, matanthauzo anayi, ndipo wosankha ndi munthu amene wayima kumbuyo pafupi ndi jenereta, amene pa zithunzi za ukwati amaoneka phewa lokha. Pa nthawi n'chimodzimodzi. Wa ng'oma amamenya kugunda kwake, koma amene amauza gulu kuti mzere watsopano wayambira apa ndi besi. N'chifukwa chake anzanga awiri aja anayang'ana ine. Ndikanadumpha, akanadumpha.

Nthawi ya ukwati uja ndinali pa msinkhu woipa wa woyimba aliyense, pamene zala zayamba kuthamanga koma makutu sanakule. Bandulo yanga yonse inkathera pa YouTube kuonera Alick Macheso, mfumu ya sungura ya ku Zimbabwe, amene bambo ake anali ochokera kuno ku Malawi. Munthu ameneyo anatenga chida cha kumbuyo n'kuchiimika kutsogolo kwa siteji. Anali wa besi mu Khiama Boys ya Nicholas Zakaria, kenako n'kukhazikitsa Orchestra Mberikwazvo, ndipo besi yake imayankhula ngati munthu. Ine ndinkafuna zimenezo. Ndinayamba kuphunzira kugwira makodi pa besi, nsambo zitatu nthawi imodzi, kuti anthu adziwe kuti kumbuyo kuno kulinso munthu.

Tsiku loyamba kuwaonetsa Ada, ndinagwira C ndi E pamodzi kumtunda kwa khosi, kumene kuli mawu okhuthala. Chinatuluka ndi matope. Manotsi awiri apansi akayandikana amalimbana, khutu silitha kuwalekanitsa, umangomva kuuma ngati galimoto yatitimira. Ada anaseka mpaka kutsokomola. Kenako anatenga besiyo, kusiya C pomwe anali, n'kumunyamula E uja kukamuika pamwamba, pa nsambo yaing'ono. Manotsi omwewo, koma atatalikirana. Zinamveka ngati wina watsegula zenera. "Pansi pano malo ndi ochepa," anatero. "Ukafuna kuika awiri, mmodzi akwere. Wachitatuyo musiye, wa kiyibodi ali naye kale." Anandiphunzitsa kuti kodi pa besi umaigwira pamene ena asiya mpata, poyambira nyimbo, kapena pamene woyimba watsala yekha ndipo akufunika pogona mawu ake. Kwina konseko notsi imodzi, pa nthawi yake, n'kuisiya ipume.

Zala zinamva, mtima ayi. Pa ndime yachiwiri ija ku Kande, maso anga anali pa khosi la gitala, ndikukonzekera kakodi kokongola kamene ndinakayeserera sabata yonse, kamene kamagwera ndendende pa kugunda kuwiri kumene agogo anadumpha. Akanati adikire, anthu akanandimva. Ndiye pamene ndinkawauza Ada kuti ndinayima pa cholondola, zoona zake n'zakuti ndinayima pa kakodi kanga.

Ndikanakonda ndikanakuuzani kuti pambuyo pake ndinatulukira kuti agogo aja sanalakwitse, kuti kwawo amayimba choncho. Ayi. Ndime yoyamba anadikira bwinobwino kanayi. Yachiwiriyo anaphonya, mwina chifukwa choona mdzukulu wawo akulira. Kulakwitsa kunalipo ndithu. Chimene ndinayamba kukayikira n'chakuti kodi kulondolako n'kwa ndani.

Pitani mukamuone Gasper Nali, wa konkuno ku Nkhata Bay, amene kanema wake anazungulira dziko lonse pa intaneti. Babatoni wake ndi besi ya nsambo imodzi, mtengo wautali pafupifupi mamita 3, waya, ndi ng'oma ya chikopa cha ng'ombe kumapeto kwake. Dzanja lina limamenya waya ndi kamtengo, lina limatsetsereka ndi botolo, phazi likuponda ng'oma ina, pakamwa akuyimba. Yobu Maligwa wa Madalitso Band nayenso amayimba uku akukoka babatoni. Kodi sangagwire anthu amenewa, nsambo ndi imodzi. Koma taonani, woyimba ndi wa besi ali m'thupi limodzi. Mawu akafuna kutalikitsa mzere, dzanja limadikira. Mawu akafulumira, dzanja lafulumira kale. Palibe amene angamuuze munthu wotere kuti walowa msanga, chifukwa walowa msanga poyerekeza ndi ndani? Kuwerenga kanayi kuja si lamulo lochokera kumwamba. Ndi pangano la anthu amene akuyimba pamodzi, kuti asasiyane. Ndipo pangano limene analipanga kuti anthu asasiyane, ine ndinaligwiritsa ntchito posiya munthu.

Mpaka apa nkhani ikuoneka yokoma, eti? Wa besi adzichepetse, atsate, aphimbe. Akuluakulu ananena kale kuti mnzako akapsa ndevu m'zimire. Ndinakhala chaka chathunthu ndikukhulupirira zimenezi ndi mtima wonse, ndikuzilalikira kwa anyamata a kwaya ngati ndazitulukira ndine.

Koma pali mbali ina imene imandisowetsa mtendere, ndipo ndikuganiza kuti inunso mwaiona kale. Kuphimbirana kumeneku si ndiye matenda athu? Mu 2013 nkhani ya Cashgate itaphulika, mabiliyoni a makwacha atatuluka ku Capital Hill kulipira katundu amene sanabwere, mayina amene tinawamva anali a oyimba a kutsogolo. Koma cheke sichidzilemba chokha. Panali wina amene anaona kuti nambala yalowa msanga, n'kusuntha mzere kuti zigwirizane. Panali wina wodinda, wina wosainira, wina amene anangoyang'ana kumbali. Kuba kulikonse kwakukulu kumakhala ndi wa besi wake, munthu wofatsa, wosakonda phokoso, amene amadziwa kudumpha pamene bwana wadumpha kuti anthu asamve kuti pali chalakwika. Zomwezi mumazipeza m'makomiti a maliro, mu banki m'khonde, m'mabanja momwe aliyense amadziwa chimene malume amachita koma nyimbo imangopitirira.

Komanso ulaliki wa kudzichepetsawu, amaukonda kwambiri ndi amene amadya. James Jamerson anayimba besi m'nyimbo zambirimbiri za Motown ku Detroit, nyimbo zimene dziko lonse linavina, koma kwa zaka zambiri dzina lake silinkalembedwa pa malekodi. Linayamba kuoneka cha mu 1971, pa chimbale cha Marvin Gaye cha What's Going On. Anamwalira mu 1983 anthu ambiri osamudziwa. Aston Barrett, amene besi yake ndiyo msana wa nyimbo za Bob Marley, anapita kukhoti ku London kukafuna mapaundi 60 miliyoni amene ankati ndi gawo lake, ndipo mu 2006 mlandu unamugomera. Ndiye wina akamakuuza kuti ulemerero wa wa besi ndi kusaoneka, uzimuyang'ana m'thumba.

Izi sindikuzinena ngati munthu woyera. Pa 31 Disembala 2019 tinayimba pa loji ina m'mbali mwa nyanja kufupi ndi Chintheche. Tinali anayi, atatu aja a ku Kande ndi woyimba wathu, amenenso anali mwini zida. Masipika, ampu, jenereta, zonse zinali zake. Titamaliza, cha m'ma 2 koloko usiku, ndinalowa mu ofesi kukatenga waya umene tinabwereka, ndipo ndinapeza akumuwerengera ndalama patebulo. K150,000. Ndinaona ndi maso angawa, ndipo iye anaona kuti ndaona. Panja anatiuza kuti malo aja alira kuti alendo anachepa, apereka K90,000. Anachotsa K30,000 ya zida ndi galimoto monga mwa nthawi zonse, yotsalayo tinagawana, aliyense K15,000. Wa ng'oma, amene nthawi imeneyo ankasakasaka ndalama ya mayeso a Fomu 4, anawerenga zake kawiri, n'kunena kuti, "Bola, zikomo bwana."

Ine phee. Tikukweza masipika m'galimoto, mwini zida anandipanikizira K5,000 m'dzanja. "Ya mayunitsi, aise." Ndinalandira.

Ndipo mukudziwa chimene ndinadziuza panjira yonse yobwerera? Kuti ndikugwira gulu. Kuti ndikayankhula tikangana, bandi itha, wa ng'omayo ataya ngakhale K15,000 ya mwezi wamawa. Kuti wa besi sachita phokoso. Phunziro lija la Ada ndinalitenga lonse, mawu ake omwewo, n'kulifunditsa pamwamba pa kuba. Chenicheni chinali chakuti popanda ampu ya munthu uja besi yanga ndi thabwa chabe.

Taziikani pamodzi nkhani ziwirizi muone mmene zikuonekera. Gogo wosauka, amene sakanandichita kalikonse, ataphonya kugunda kuwiri pa ukwati wa mdzukulu wake, ndinayima nji pa choonadi. Mwamuna wa zida atadumpha K60,000, ndinadumpha naye mwaluso moti wa ng'oma sanamve n'komwe kuti mzere wasuntha. Kwa nthawi yaitali ndinkaganiza kuti ku Kande ndinalakwa chifukwa chosatsata, ku Chintheche ndinalakwa chifukwa chotsata, ndiye kuti nkhani ndi kungodziwa nthawi yotsata ndi nthawi yokana. Panopa ndikuona kuti masiku awiri onsewo ndinachita chinthu chimodzi. Ndinadziteteza. Koyamba ndinateteza dzina langa la munthu wosaphonya, kachiwiri ndinateteza malo anga m'galimoto.

Chimene chinanditsegula maso ndi kuphunzira mmene kutsata woyimba kumachitikira kwenikweni, ndi zala. Ada anandiyeserera kangapo pakhonde pawo, iwo akuyimba n'kumadumpha dala. Woyimba akalowa msanga, suchita kuzembera mwakachetechete. Umasiya chimene umayimba pakati, ngakhale chikhale chokoma bwanji, n'kugunda mwamphamvu notsi ya pansi ya kodi imene iye wafikapo. Umadzutsa mutu, kumuyang'ana wa ng'oma, kugwedeza khosi la gitala kuti aone pamene mzere watsopano wayambira. Kwa sekondi imodzi kapena ziwiri pamamveka kugwedezeka, ndipo aliyense wodziwa nyimbo amene ali pamenepo amatembenukira kwa iwe. Amaganiza kuti waphonya ndiwe. Woyimba amapitirira osadziwa kanthu, mwinanso pambuyo pake amakuuza kuti lero besi inasokoneza pang'ono. Umangoti pepani.

Ndiye kuti kulakwitsa kuja sikusowa. Wina amayenera kukusenza. Ukamutsata woyimba, wakuchotsa pamutu pake n'kukuika pamutu pako. Apa ndi pamene ndinaona kusiyana kwa zinthu ziwiri zimene kunja zimaoneka ngati chimodzi. Ku Kande, ndikanadumpha, mtengo wake ukanagwera ine: kakodi kanga kakanatayika, anyamata awiri atatu akanandiseka. Ku Chintheche nditadumpha, mtengo wake unagwera mnyamata wa mayeso ndi wa kiyibodi, anthu amene sanafunsidwe, ine n'kupatsidwa ya mayunitsi. Kuzimira mnzako ndevu n'kwabwino ngati madziwo ndi ako. Ine ndinazima ndi madzi a mwana wa eni.

Sindikunena kuti muyeso umenewu umathetsa zonse. Uli ndi mabowo ake. Loyamba, munthu amadzinamiza mosavuta za amene akulipira. Kalaliki wa ku Capital Hill akanatha kudziuza kuti ndalama ya boma ilibe mwini, palibe akulira, pomwe wolirayo ali pa chipatala cha kumudzi kumene mankhwala sanafike, kutali moti kulira kwake sikumveka mu ofesi. Wa ng'oma wanga anali pafupi, ndinkamuona nkhope, koma ndinakwanitsabe kudziuza kuti ndikumuthandiza. Nanga akanakhala kutali?

Bowo lachiwiri ndi la woyimba amene amadumpha pamalo omwewo Lamulungu lililonse chifukwa akudziwa kuti kumbuyo kuli anthu omutola. Ndinayimbapo ndi wotere mu kwaya ina. Zaka ziwiri tikumutsata, mpaka iye anafika pokhulupirira kuti nyimboyo imatero, n'kumakalipira ana atsopano amene ankawerenga molondola. Chifundo chathu chinamulemaza, ndipo amene analipira ndi anawo. Nditawafunsa Ada za ameneyu, anati pa siteji umamutsata, pa pulakatisi umamuuza, ndipo ukalephera kumuuza Lachinayi usadzitame kuti unamutola Lamulungu. Zoona. Koma sanandiuze chochita ngati munthuyo ndi amene ali ndi makiyi a chipinda cha pulakatisi, kapena ngati kumuuza kuseri kuli ngati kuthira madzi pa bakha. Pali zinthu zina zimene kuseri sikukwanira. K60,000 ija sinali nkhani yokamunong'oneza mwini zida Lachinayi. Eni ake a ndalamayo anali pomwepo, atanyamula masipika.

Ndipo pali lachitatu, limene limandiopsa kuposa onse: nthawi. Pa siteji ulibe mpata wokhala pansi n'kuyeza kuti alipire ndani. Uli ndi kuphethira kwa diso. Mu ofesi muja munalinso chimodzimodzi, kuyambira pamene maso athu anakumana mpaka pamene anatsegula pakamwa panja sipanathe mphindi zisanu. Chimene umachita pa kanthawi kotero si chimene umakhulupirira, ndi chimene unazolowera. Zala zimapita kumene zakhala zikupita. N'chifukwa chake sindikhulupiriranso kwambiri anthu amene amalumbira pa Facebook kuti iwo akanakhala pamenepo sakanalola. Inenso ndikanalumbira. Munthu amene wakhala zaka akuyang'ana zala zake sadzutsa mutu tsiku limodzi chifukwa choti lero nkhani ndi yaikulu.

Ada anali ndi chizolowezi chimene poyamba ndinkachiona ngati ukalamba. Akamayimba sankayang'ana gitala ngakhale pang'ono. Maso awo ankakhala pa msana wa woyimba, pa mapewa. Ankati munthu asanatulutse mawu amayamba wakoka mpweya, ndipo mapewa amakwera. Ukaona mapewa akwera msanga, wadziwa kale kuti alowa msanga, ndipo umakafika pamalopo limodzi naye, popanda ngakhale kugwedezeka kuja. Ndinadzaonanso zomwezo pa malipenga ku Mpamba: womenya ng'oma yaikulu maso ake sanali pa ng'oma, anali pa mapazi a ovina. Agogo a ku Kande aja mapewa awo anakwera ndithu, ndikutsimikiza. Ndipo wa ng'oma uja, powerenga ndalama zake kachiwiri, panali chimene chinaoneka pankhope pake. Zonse ziwiri sindinazione bwino chifukwa cha kumene ndinkayang'ana.

Agogowo ndinakumana nawo kamodzi pambuyo pake, pa doko m'mawa, akugula usipa. Ndinawapatsa moni, ndikuyembekeza kuti sandizindikira. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Ndiwe wa gitala yaikulu uja." Ndinati eya, Ama, ndipo tsiku lija ndinakulakwirani. Anaseka ngati mmene anasekera pa ukwati paja. "Ine ndimayesa ndakalamba, mutu wayamba kutaya nyimbo. Chichokereni tsiku lija sindinayimbenso pagulu." Ananena mopepuka, uku akusankha usipa, ngati akunena za mtengo wa mchere. Ndinawauza kuti akadzafuna kuyimbanso adzandiitane. Anati aona.

Ada anabwerera kwawo ku Usisya mu 2021, pa Ilala, atanena kuti akufuna akafere pafupi ndi manda a amayi awo. Besi yopindika khosi ija anandisiyira. Bandi ija inatha yokha nthawi ya Covid, popanda ine kuyankhula kanthu, ndiye ngakhale chimene ndinkati ndikuteteza sichinakhalitse. Mwini zida anagulitsa masipika. Wa ng'oma mayeso analemba, ndalama inachita kukongoledwa kwa achibale, kenako anatsika ku Joni ngati anyamata ambiri a kuno. Ali ku Johannesburg, amatsuka magalimoto, ndipo usiku amapanga mabiti pafoni. Mwezi watha ananditumizira imodzi pa WhatsApp kuti ndiikemo besi. "Big man, inu nokha ndi amene ndimakudalirani pa nthawi," anatero.

Ndinaika besiyo, notsi imodziimodzi, kodi imodzi yokha poyambira pamene mawu ake ali okha. Nditatumiza ndinajambulanso uthenga wina wa mawu, wa mphindi zinayi. Ndinamuuza za ofesi ija, za K150,000, kuti gawo lake linayenera kukhala K30,000, ndi za K5,000 imene ndinalandira. Ndinamuuza kuti K15,000 ya 2019 si K15,000 ya lero, ndiye anene yekha kuti ndimutumizire zingati. Timizere tiwiri tija tinasanduka tabuluu Lachiwiri usiku. Lero ndi Loweruka, sanayankhe.